Nkhokwe ya kwa Farao ndi Makalata a Paulo: Kuunika Maganizo Osunga Deta Popanda Likulu

Pa zaka zaposachedwazi kwabuka chiphunzitso china pakati pa akatswiri a makompyuta, chimene ife otumikira Eklezia m'boma la m'malire ngati lino la Mchinji sitingachilambalale. Chiphunzitsocho chikuti zolemba, zithunzi, nyimbo ndi mabuku a chuma a munthu siziyenera kukasungidwa m'nyumba zikuluzikulu za makampani akutali, zimene pa Chingerezi amazitcha data centre, kapena mophiphiritsa cloud, ndiye kuti mtambo. Ati zinthuzo zizikhala m'makina a mwini wake, ndipo makinawo azipatsana zinthu ndi makina anzake maso ndi maso, osadzera kwa mkhalapakati. Njira imeneyi dzina lake ndi peer-to-peer, kutanthauza kuti wopatsa ndi wolandira ngolingana. Ife m'nkhani ino tiziitchula kuti njira yopatsirana.

Amene adafotokoza chiphunzitsochi momveka bwino ndi Martin Kleppmann wa ku yunivesite ya Cambridge pamodzi ndi anzake atatu, Adam Wiggins, Peter van Hardenberg ndi Mark McGranaghan, m'nkhani yao ya mutu wakuti Local-First Software, imene idatuluka mu 2019. Cholinga chathu nkuunika nkhani imeneyo ndi maganizo amene yabala, poŵayesa ndi moyo wa anthu athu ndiponso ndi zimene Eklezia wakhala akuchita ndi zolemba zake kuyambira masiku a Apostoli. Tinene pachiyambi pomwe pamene taima. Olembaŵa alasa pamene akuti chimene anthu angathe kusunga okha asalandidwe. Koma iwo, makamakanso oŵatsatira, sadalingalire mokwanira funso limene Eklezia adakumana nalo kalekale: chinthu chikamayenda dzanja ndi dzanja, ndani amene angachitire umboni kuti nchoona?

I. Mtambo umene uli pansi

Mau akuti mtambo ngosokeretsa. Munthu akamva kuti zithunzi zake zili mumtambo amayesa kuti zili ponseponse ndipo malowo alibe mwini. Chikhalirecho zili m'nyumba ya simenti ndi zitsulo, yokhala ndi mpanda, alonda ndi mwini wake. M'nyumbamo muli makompyuta zikwizikwi otchedwa maseva, oyaka usana ndi usiku, ofuna magetsi osazima ndi makina oŵaziziritsa. Bungwe la International Energy Agency lidaŵerengera kuti m'chaka cha 2024 nyumba zoterezi zidadya pafupifupi gawo limodzi ndi theka mwa magawo 100 a magetsi onse a pa dziko lapansi. Ameneŵa ndi magetsi oposa amene dziko lonse la South Africa limagwiritsa ntchito pa chaka.

Nyumba za makampani aakulu zimene tayandikana nazo zili kumwera. Microsoft idatsekula zake ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Kwathu kuno Boma lidatsekula nyumba yake yosungiramo deta ku Blantyre mu 2022, mothandizana ndi kampani ya Huawei, koma WhatsApp ndi Facebook sizidzera kumeneko. Motero katekisiti wa ku Kapiri akatumiza pa WhatsApp maina a ana a ubatizo kwa bambo mfumu amene ali pa mtunda wa makilomita asanu okha, uthengawo umayamba watuluka m'dziko muno, nkukafika ku seva ya kampaniyo, kenaka nkubwerera. Ulendo wonsewo amalipira ndi katekisitiyo pogula bandulo.

Popeza dziko la Malaŵi lilibe gombe la nyanja yamchere, intaneti yathu imadalira nthambo zodzera ku Tanzania, ku Mozambique ndi ku Zambia, ndipo ina mwa nthambozo imadutsa m'boma lino popita ku Chipata. Pa 12 Meyi 2024 nthambo ziŵiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi SEACOM, zidaduka, ndipo intaneti idafooka masiku angapo m'maiko a kuvuma kwa Africa, Malaŵi ali pomwepo. Anthu okhala mudzi umodzi adavutika kutumizirana uthenga chifukwa cha ngozi yochitika pansi pa nyanja imene ambiri mwa iwo sadaionepo.

II. Zimene olembaŵa akunena, ndi pamene alasa

Olemba anayiwo akutchula zinthu zisanu ndi ziŵiri zimene pulogalamu yabwino iyenera kukhala nazo. Izigwira ntchito msanga osadikira yankho lochokera kutali. Ntchito ya munthu izipezeka pa makina ake onse. Pulogalamuyo izigwirabe ngakhale intaneti palibe. Anthu angapo azitha kulemba chinthu chimodzi mothandizana. Zolembazo ziziŵerengekabe patapita zaka zambiri, ngakhale kampani imene idapanga pulogalamuyo itatha. Chinsinsi cha munthu chizitetezeka. Potsiriza, mwini zinthuzo akhale munthuyo, kampani isamlamule chochita nazo. Kuti zimenezi zitheke, makina aliwonse amasunga kope lathunthu. Anthu aŵiri akasintha chikalata chimodzi aliyense ali kwao, makina ao akadzakumana amauzana zimene zasintha nkuziphatikiza potsata lamulo lokhazikika, kotero kuti makope onse amafanananso popanda wina woŵeruza pakati.

Kwa munthu wa ku Ulaya, amene intaneti siimuthera, izi nzachilendo. Kwa anthu a ku Mkanda kapena a pa Kamwendo, mbali ina ya zimenezi ndi moyo wa masiku onse. Nyimbo za kwaya, maulaliki, mafilimu omasuliridwa m'Chicheŵa ndi mapepala a mayeso akale zimayenda kuchoka m'foni kuloŵa m'foni inzake kudzera pa Bluetooth, pa memori khadi, kapena pa mapulogalamu onga Xender ndi SHAREit, amene amasandutsa foni imodzi kukhala kasiteshoni ka Wi-Fi kuti inzake ilumikizepo. Bandulo safunika. Foni ya nambala ya ku Malaŵi ikakumana pa msika ndi ya nambala ya ku Zambia, zimapatsana nyimbo osafunsa kuti malire adutsa pati, monga momwe Acheŵa a mbali zonse amakumanira ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Anthu athu sadaŵerenge Kleppmann. Kudula kwa intaneti ndiko kudaŵaphunzitsa.

Umboni woikira kumbuyo olembaŵa ulipo wambiri. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza ziphaso zoyendera idaima milungu ingapo m'dziko lonse lino, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa makompyuta adaloŵerera makina a ntchitoyo nkumafuna dipo. Makina a pa likulu atagwidwa, aliyense wofuna chiphaso adagwidwa nao. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho ku Zambia, WhatsApp ndi Facebook zidatsekedwa m'dzikomo, ndipo abale athu a ku Chipata adaona kuti khomo limene anthu onse adzerapo silivuta kutseka. Mu 2019 kampani ya MySpace idavomera kuti nyimbo zimene anthu adasungitsa kwa iyo pa zaka khumi ndi ziŵiri zidatayika pamene inkasamutsa maseva ake. Makolo adanena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pa mfundo imeneyi tikugwirizana ndi olembaŵa kwathunthu.

III. Nkhokwe ndi kiyi wake

Malembo Oyera ali ndi nkhani imene ingatiunikire. Pa mutu 41 wa buku la Genesis timamva za Yosefe, amene adasonkhanitsa tirigu pa zaka zisanu ndi ziŵiri za dzinthu, napulumutsa Aejipito ndi a maiko ozungulira pa zaka za njala. Alaliki ambiri amalekera pamenepo. Koma mutu 47 ukupitiriza: anthu adayamba kugula tirigu ndi ndalama, ndalama zitatha adapereka ziŵeto, ziŵeto zitatha adapereka minda ndi ufulu wao womwe kwa Farao. Nkhokwe imene idaŵapulumutsa ndi yomweyo imene idaŵaika mu ukapolo. Chochititsa chidwi nchakuti Yosefe sadaunjike tirigu malo amodzi. Adamsunga m'mizinda yosiyanasiyana, uliwonse ndi zokolola za minda yake yozungulira. Chimene chinali m'manja amodzi ndi kiyi. Nawonso makampani a mtambo ali ndi nyumba m'maiko ambiri, koma wololeza ndi woletsa ndi mmodzi.

Ife a ku Mchinji nkhani ya nkhokwe ya pa likulu sitichita kuiŵerenga m'buku mokha. M'zaka za 2000 ndi 2001 chimanga chimene dziko linkasunga podziteteza ku njala chidagulitsidwa pafupifupi chonse. Zokolola za 2001 zitachepa, mtengo wa chimanga udakwera koopsa, ndipo boma la Mchinji linali limodzi mwa maboma kumene bungwe la Save the Children lidayambira kuchenjeza za kunyentchera kwa ana kumapeto kwa chaka chimenecho. Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Amene adakhulupirira nkhokwe za ku Kanengo adapeza kuti mulibe kanthu. Komabe tisafulumire kuŵeruza. Chaka chimenecho nkhokwe za pakhomo nazo zinali mbee, ndipo nchifukwa chake nkhokwe ya dziko inkafunika. Cholakwa chinali pa kasungidwe ndi pa kusoŵa woŵerengera amene adagwira kiyi.

Chiphunzitso cha Eklezia pa za chikhalidwe cha anthu chili ndi mfundo yokhudza zimenezi. Papa Pius XI, m'kalata yake Quadragesimo Anno ya 1931, adaphunzitsa kuti nkulakwira chilungamo kulanda kagulu kakang'ono ntchito imene kangathe kuichita kokha nkuipereka ku bungwe lalikulu. Mfundo imeneyi dzina lake lidachokera ku mau a Chilatini akuti subsidium, otanthauza chithandizo. Choncho ili ndi miyendo iŵiri: wamkulu asalande, ndiponso wamkulu athandize pamene wamng'ono walephera. Okonda njira yopatsirana amamva mwendo woyamba wokha. Okonda mtambo amamva wachiŵiri wokha, nkuusandutsa chifukwa cholandira zonse.

M'dayosizi ya Lilongwe mfundoyi idavala thupi m'miphakati. Ambuye Patrick Kalilombe, amene adaphunzitsa ndi kutsogolera seminale ya Kachebere asanakhale episkopi mu 1972, adaitanitsa sinodi ya dayosizi ya 1973 mpaka 1975, imene idalimbikitsa kuti Akhristu a mudzi umodzi azipemphera, kuphunzitsana ndi kuthandizana okha osadikira wansembe. Mu 1976 maepiskopi a AMECEA adaika miphakati patsogolo pa ntchito zonse za ubusa. Boma la nthaŵi imeneyo lidakayikira timagulu tokumana popanda chilolezo chake, ndipo Ambuye Kalilombe adakakamizika kutuluka m'dziko. Koma tikumbuke kuti mphakati sudakhalepo mpingo woima paokha. Uli ndi dzina m'buku la parishi, atsogoleri ake ngodziŵika, ndipo umalandira Ukaristia kuchokera m'manja mwa wansembe wotumidwa ndi episkopi.

IV. Pamene chiphunzitsochi chaperewera

Choyamba ndi kufooka kwa makina a pakhomo. Kope lathunthu limene olembaŵa akulitama limakhala m'foni imene ingabedwe pa msika, ingagwere m'chitsime, kapena ingazime chifukwa mwini wake alibe ndalama yokatchajitsa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha mwa nyumba 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi a ESCOM, ndipo zambiri mwa izo zinali m'tauni. Kuwonjezera apo, makina aŵiri sangapatsane kanthu pokhapokha onse ali oyaka pa nthaŵi imodzi. Kunena zoona olemba anayiwo sadabise zimenezi. Adavomera kuti m'zoyesa zao kulumikiza makina mwachindunji kunkavuta, ndipo adati seva ikhalebe ndi malo ake monga mnzake wosagona amene amasunga kope ndi kulipereka kwa wobwera mochedwa. Oŵatsatira ambiri amadumpha ndime imeneyi.

Pali mapulogalamu ena amene amati uthenga ungathe kulumpha kuchoka pa foni kupita pa foni mpaka kukafika kutali popanda netiweki. Wotchuka masiku ano ndi Bitchat, amene Jack Dorsey adatulutsa mu Julayi 2025. Koma Bluetooth imafika mamita makumi oŵerengeka okha. Njira yotere ingagwire pa msika wa pa boma tsiku la msika, kapena m'bwalo la tchalitchi pa Pasaka. Pakati pa midzi yotalikirana, yolekanitsidwa ndi minda ya fodya ndi madambo a mtsinje wa Bua, unyolowo umaduka pa mudzi woyamba. Nkhokwe ya pakhomo njabwino, koma nankafumbwe, moto ndi akuba amaidziŵa njira.

Chachiŵiri, ndipo ndicho chachikulu, ndi umboni. Mu 2020 akatswiri a ku Royal Holloway ku London adayesa pulogalamu ya Bridgefy, imene anthu ochita zionetsero ku Hong Kong ankaidalira, napeza kuti mdani angathe kudzionetsa ngati mnzako, kuŵerenga mauthenga ndi kudziŵa amene akulankhulana. Bitchat nayo itangotuluka, katswiri wina adaonetsa kuti munthu angathe kuvala dzina la mnzake. Zolakwa zoterezi zimakonzeka, pakuti luso losindikiza chidindo cha masamu pa uthenga lilipo ndipo nlolimba. Koma chidindocho chimangotsimikiza kuti uthenga wachokera kwa mwini kiyi wakutiwakuti. Sichinena kuti mwini kiyiyo ndi episkopi, ndi dokotala, kapena ndi wabodza. Zimenezo amanena ndi anthu odziŵana, okhala ndi udindo ndiponso oyankhapo akalakwa. Nkhani ya Kleppmann ndi anzake imaona munthu monga mwini katundu amene ali yekha ndi anzake oŵerengeka oŵasankha yekha. Siinena kanthu za mudzi, za mfumu, za mboni. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, zimene zidayenda pakamwa ndi pakamwa ndiponso pa mafoni ku Mulanje ndi ku Phalombe mpaka anthu osalakwa adaphedwa. Palibe likulu limene lidazifalitsa. Aliyense adangolandira kwa mnzake amene amamkhulupirira.

Chachitatu ndi chilungamo kwa amene akukhudzidwa. Madzi akatayika saoleka: chinthu chikafalikira m'mafoni zana, palibe ofesi imene ungakadandauleko kuti achifafanize. Lamulo 220 la Malamulo a Eklezia limateteza mbiri yabwino ndi chinsinsi cha munthu aliyense, ndipo mtsikana amene chithunzi chake chayenda m'mafoni a anyamata a pa sukulu sapeza chitonthozo pomva kuti palibe kampani imene idachisunga. Chimodzimodzinso oimba. Kwaya imene idasonkha ndalama za mtedza ndi soya kuti ikajambule nyimbo ku Lilongwe imamva nyimbo zake zikulira m'minibasi ndi m'magolosale, koma osalandira kanthu. Bungwe la COSOMA lakhala likulimbana ndi vutoli kuyambira pamene lidakhazikitsidwa mu 1992. Wantchito ayenera malipiro ake, ngakhale ntchitoyo ikhale yosavuta kukopera.

V. Zimene Eklezia adaphunzira

Chipangano Chatsopano chidafika kwa ife mwa njira yopatsirana. Kunalibe nyumba imodzi yosungiramo makalata a Paulo Woyera. Pa Akolose 4:16 Paulo akulamula kuti kalata yao ikaŵerengedwenso ku Laodikea, ndipo iwo aŵerenge ya ku Laodikea. Mpingo uliwonse unkakopera, kusunga ndi kupatsa unzake. Nchifukwa chake pamene mfumu Diocletian adalamula mu 303 kuti mabuku a Akhristu atenthedwe, sadathe kuŵamaliza. Koma Paulo yemweyo adaona kuopsa kwa njirayi. Pa 2 Atesalonika 2:2 akuchenjeza za makalata onamizira kuti achokera kwa iye, ndipo pa 3:17 akuti moni wolemba ndi dzanja lake ndiye chizindikiro cha kalata yake iliyonse. Ankatumanso anthu odziŵika ndi maina, monga Tikiko, kuti anyamule kalata ndi kuichitira umboni. Pambuyo pake maepiskopi ankapatsa apaulendo makalata a chiyanjano, ndipo Msonkhano wa ku Chalcedon wa mu 451 udaletsa wansembe wachilendo kutumikira popanda kalata ya episkopi wake. Kusunga kunali kwa onse, koma kuchitira umboni kunali kwa amene adapatsidwa udindo.

Mbiri ya dziko lathu ikutiphunzitsa zomwezo. Kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti, Living Our Faith, idasindikizidwa ku Montfort ku Balaka, nigaŵidwa mwakachetechete m'maparishi onse, niŵerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Boma lidalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu woukira, nyumba yosindikizirayo idachitidwa chipongwe, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adapitikitsidwa m'dziko. Koma kalatayo inali itafika kale m'manja mwa anthu, amene adaichulukitsa pa makina okopera ndi kupatsirana mobisa. Ikadakhala pa malo amodzi okha, ikadazimitsidwa tsiku limodzi. Komanso ikadakhala yopanda maina pansi pake, ikadakhala ngati timakalata tosasayina timene tinkayenda masiku amenewo, ndipo sikadagwedeza dziko mpaka kufika pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Mphamvu yake inali paŵiri: makope ochuluka m'manja mwa anthu wamba, ndi maina a abusa amene adavomera kukayankha ku polisi chifukwa cha mau ao.

Chitsanzo chachitatu chili m'ofesi ya parishi iliyonse. Kuyambira pa Msonkhano wa ku Trent, mu 1563, parishi iyenera kusunga mabuku a ubatizo ndi a ukwati, ndipo lero lamulo 535 likubwereza zomwezo. Eklezia alibe buku limodzi ku Roma lolembamo obatizidwa onse. Mbiri ya Mkhristu imakhala ku parishi kumene adabatizidwa, ndipo akalandira ulimbitso, ukwati kapena unsembe kwina, parishi ya kumeneko imatumiza chidziŵitso kuti chikalembedwe m'mphepete mwa dzina lake. Mnyamata wobatizidwa m'dayosizi ya Chipata akafuna kukwatira ku Guilleme kapena ku Ludzi, bambo mfumu wa kuno amalembera mnzake wa kutsidya, ndipo yankho limabwera ndi siginecha ndi chidindo cha parishi. Imeneyi ndi njira yopatsirana yeniyeni, yodutsa malire a maiko, imene yagwira ntchito zaka zoposa 400. Chimene chimaiimika ndi chakuti aliyense wosunga buku adaikidwa ndi episkopi, ndipo episkopi kapena nthumwi yake amayendera mabukuwo.

VI. Tichitenji tsono?

Sitikulemba izi kuti tingokometsa mkangano wa akatswiri. Ambiri mwa oŵerenga athu, ansembe ndi aseminale amene maŵa lino adzakhala abambo mfumu, adzalandira alendo onyamula mapulogalamu osungira mabuku a parishi mumtambo, ena aulere, ena olipira mwezi ndi mwezi m'madola. Adzabweranso achinyamata a luso onena kuti zonse zingathe kukhala m'mafoni. Tikupereka maganizo anayi.

Poyamba, buku la pepala likhalebe mwini nkhani, monga lamulo linenera. Kope la pa kompyuta likhale lothandizira, ndipo lisungidwe malo atatu: ku parishi, ku dinale ndi ku likulu la dayosizi, lotsekedwa ndi mau achinsinsi. Mapulogalamu aulere onga Syncthing amatha kufananitsa makope oterowo pakati pa makina a eni ake popanda kuŵasungitsa ku kampani. Ngati dayosizi ifuna kubwereka malo mumtambo kuti pakhale kope lachinayi, ichite zimenezo kiyi ili m'manja mwake.

Kachiŵiri, zimene zili za onse zifalitsidwe momasuka. Zikalata zimene eni ake adaloleza kugaŵa, ndi mabuku akale amene salinso ndi mwini, zingathe kukhala pa kompyuta imodzi ya seminale kapena ya parishi, anthu nkumatapa pa Wi-Fi osagula bandulo. Mapulogalamu a Kiwix ndi Kolibri adapangidwira ntchito yotere. Koma nyimbo za kwaya ndi mabuku a olemba amoyo tizigula, ndipo tiphunzitse Akhristu chifukwa chake.

Kachitatu, maina a obatizidwa, nkhani za maukwati ndi za odwala zisamayende pa magulu a WhatsApp kapena pa memori khadi yobwerekana. Chikumbumtima chikuletsa, ndiponso lamulo la dziko loteteza deta ya anthu la 2024 likukhudza aliyense wosunga maina a anthu, mipingo ili pomwepo.

Kachinayi, miphakati iphunzitsidwe mwambo wa Paulo. Uthenga wonena kuti wachokera kwa Ambuye Episkopi kapena kwa a zaumoyo ukafika pa foni, funso loyamba likhale lakuti wadzera mwa yani, ndipo ndani angautsimikize. Kalata ya ubusa imatsimikizika ikaŵerengedwa pa guwa ndi munthu amene mpingo ukumdziŵa nkhope.

Nkhani ya Kleppmann ndi anzake njoyenera kuŵerengedwa m'kalasi la filosofi ndi la chiphunzitso cha chikhalidwe cha anthu, pakuti yaulula ukapolo umene ambiri sauona, ndipo yachita zimenezo moona mtima, osabisa zofooka zake. Chimene yasiya tichiwonjezere ife kuchokera m'nkhokwe yathu. Aliyense wobwera ndi makina atsopano pa parishi, kaya ndi a mtambo kaya ndi a njira yopatsirana, afunsidwe mafunso atatu asanapatsidwe buku la ubatizo: kiyi adzasunga ndani, magetsi ndi netiweki zikazima tidzatsegula bwanji, ndipo chikalata chikatuluka m'makinamo adzasayina ndani.